Ayuda ndi Asilamu ku France: anansi akale anafika bwanji pamenepa?

Lachisanu pa 9 Januwale 2015, sitolo ya Hypercacher ya ku Porte de Vincennes, kum'mawa kwa mzinda wa Paris, inali ndi anthu ogula za Sabata dzuwa lisanalowe. Ndi sitolo ya zakudya za kosher, zomwe Ayuda amazisamala monga mmene Asilamu amasamalira za halal. Masana ndithu munalowa Amedy Coulibaly ali ndi mfuti. Anapha anthu anayi, Yohan Cohen, Yoav Hattab, Philippe Braham ndi François-Michel Saada, ena onse n'kuwatsekera momwemo mpaka madzulo pamene apolisi analowa mwamphamvu n'kumuwombera. Dzulo lake anali atapha wapolisi wamkazi ku Montrouge, ndipo dzana lake anzake awiri apachibale, a banja la Kouachi, anali atapha anthu 12 pa chiwembu cha ku nyuzipepala ya Charlie Hebdo.

M'chipinda chapansi cha sitoloyo munali mnyamata wantchito wazaka 24, Lassana Bathily. Anthu atathawira pansipo, iye anawalowetsa m'chipinda chozizira chosungiramo zakudya, anazimitsa magetsi ndi makina oziziritsa, kenako anazemba pa chikepe cha katundu. Apolisi atamuona akutuluka anamuika unyolo poganiza kuti ndi mnzake wa chigawengacho. Atazindikira kuti si choncho, ndi iyeyo amene anawajambulira mmene sitolo ilili m'kati.

Onse awiri, wopha ndi wopulumutsa, anali Asilamu, ndipo onse kwawo kwa makolo ndi ku Mali. Coulibaly anabadwira kufupi ndi Paris, anaphunzira sukulu za ku France, anali nzika. Bathily ndiye anali wobwera, anafika mu 2006 ali mnyamata, ndipo unzika anamupatsa patatha masiku 11 chichitikire chiwembucho. Pali anthu amene amati Asilamu obwera anafika ku Ulaya atanyamula chidani cha pa Ayuda m'zikwama zawo. Pali enanso amene amati vuto palibe, koma mkwiyo chabe wa nkhondo ya ku Gaza umene andale amaukuza. Amene wamvetsa zimene zinachitika m'sitolo ija sangakhutire ndi mbali iliyonse mwa ziwirizi.

Dziko la France ndi loyenera kuliyang'ana pa nkhaniyi chifukwa ndiko kuli Ayuda ambiri kuposa dziko lina lililonse ku Ulaya, pafupifupi 450,000, ndipo ndikonso kuli Asilamu ambiri zedi, pakati pa 5 ndi 6 miliyoni. Ziwerengerozi n'zongoyerekeza, poti kalembera wa boma la France safunsa za chipembedzo. Zimene zimawerengedwa chaka ndi chaka ndi milandu yochitira Ayuda zachipongwe imene yafika kupolisi: kutukwana, kuopseza, kulemba zonyoza pa makoma, kumenya, kutentha. Unduna wa za m'dziko umaiwerenga mothandizana ndi bungwe la chitetezo la Ayuda lotchedwa SPCJ. Mu 1999 milandu yotere inalipo 82 chaka chonse. Mu 2000 inakwana 744, ndipo chiyambire pamenepo sinabwererenso pamene inali. Mu 2022 inalipo 436, mu 2023 inafika 1,676, yambiri m'miyezi itatu yotsatira chiwembu cha gulu la Apalestina la Hamas ku Israel pa 7 Okutobala, ndipo mu 2024 inali 1,570. Pa anthu 100 alionse a ku France, Myuda sakwana ndi mmodzi yemwe, koma mu 2024 milandu yoposa theka la yonse yokhudza chidani cha pa chipembedzo inagwera iwo.

Kwawo n'kumodzi

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Ayuda ambiri a ku France lero mizu yawo ili ku Algeria, Morocco ndi Tunisia, komwenso kunachokera Asilamu ambiri a m'dzikolo. Agogo awo ankalankhula Chiarabu chimodzi, ankadya couscous yemweyo, ankavina nyimbo zofanana pa maukwati. Ayuda anakhala kumpoto kwa Africa Chisilamu chisanafike n'komwe. Pansi pa mafumu achisilamu anali m'gulu lotchedwa dhimmi: otetezedwa monga anthu a Buku, omasuka kupembedza, koma olipira msonkho wapadera ndiponso otsika pamaso pa lamulo. M'mizinda ya ku Morocco ankakhala m'dera lawolawo lotchedwa mellah, ku Tunis linkatchedwa hara. Panali nthawi za mtendere zazitali, panalinso nthawi za kuphedwa ndi kulandidwa katundu. Amene amaufotokoza moyo umenewo ngati paradaiso amanama, amene amaufotokoza ngati ukapolo wosalekeza amanamanso.

Atsamunda a Chifalansa analanda Algeria mu 1830. Pa 24 Okutobala 1870 nduna ya zachilungamo, Adolphe Crémieux, amene naye anali Myuda, inasaina lamulo lopatsa unzika wa France Ayuda a ku Algeria, pafupifupi 35,000, onse pakamodzi. Asilamu mamiliyoni anatsala kunja. Msilamu wofuna unzika ankayenera kusiya malamulo a chipembedzo chake pa za ukwati ndi chuma chamasiye, ndipo ochita zimenezi anali ochepa kwambiri. Otsalawo ankalamulidwa ndi malamulo apadera a eni dziko, okhala ndi zilango zimene nzika sinkazidziwa. Amene anakulira pa banja la mitala akudziwa zimene zimachitika bambo akamagulira nsalu nyumba imodzi yokha: ana a nyumba inayo sapita kukamenya bambo, amamenya ana anzawo.

Komatu nsaluyo sinali yotetezeka. Azungu okhala ku Algeria ankadana nalo kwambiri lamulo la Crémieux, ndipo zipolowe zoopsa zolimbana ndi Ayuda za mu 1898 mumzinda wa Algiers anazitsogolera ndi iwowo, osati Asilamu. Chaka chomwecho anasankha Édouard Drumont, mlembi wotchuka ndi kudana ndi Ayuda, kukhala phungu wawo ku Paris. Mu Ogasiti 1934 ndi pamene magazi anakhetsedwa pakati pa anansi: ku Constantine, mkangano umene unayambira pafupi ndi mzikiti unatha ndi imfa za Ayuda 25 ndi Asilamu atatu, asilikali a boma atachedwa kulowererapo. Mu Okutobala 1940 boma la France la Vichy, logwirizana ndi Hitler, linafafaniza lamulo la Crémieux, Ayuda a ku Algeria n'kudzuka m'mawa asalinso nzika. Unzika unabwezedwa mu 1943.

Nkhondo yomenyera ufulu wa Algeria, kuyambira 1954 mpaka 1962, inawapanikiza pakati. Chipani cha FLN, chimene chinkatsogolera nkhondoyo, chinawaitana kuti alowe mbali ya dziko lawo lobadwira, ndipo ochepa analowadi. Ena ochepa analowa gulu la zigawenga la azungu la OAS, lokana ufuluwo. Ambiri anangokhala chete. Pa 22 Juni 1961, woimba wokondedwa ndi Ayuda ndi Asilamu omwe, Cheikh Raymond, anawomberedwa pamsika ku Constantine, ndipo Ayuda ambiri a mumzindawo anamva uthengawo n'kuyamba kumanga katundu. Pofika kumapeto kwa 1962, pafupifupi Ayuda onse a ku Algeria, oposa 100,000, anali atawoloka nyanja kupita ku France. A ku Morocco ndi Tunisia ambiri anapita ku Israel, ena ku France.

Zaka zomwezo mafakitale a ku France ankafuna manja. Amuna achisilamu a ku Algeria, kenako a ku Morocco, Tunisia, Mali ndi Senegal, anabwera kudzagwira ntchito m'mafakitale a galimoto monga Renault, m'migodi ndi pa zomangamanga. Magulu awiriwa anafika nthawi imodzi koma analowera pa makomo osiyana. Myuda wa ku Algeria anafika ngati nzika yobwerera kwawo, yoyenera thandizo la boma, ndipo anapeza mabungwe a Ayuda okhazikika kale omuthandiza nyumba ndi ntchito. Msilamu anafika ngati waganyu amene tsiku lina adzabwerera, ndipo ambiri anayamba ndi kugona m'zisakasa za malata ku Nanterre. Ana a woyambayo anakwera msanga, kukhala madokotala, maloya, aphunzitsi, ngakhale kuti osauka analipo ndipo alipobe. Ana a wachiwiriyo ambiri anatsalira m'midadada ya nyumba zosanja za boma kunja kwa mizinda, imene Afalansa amaitcha banlieue.

Pali munthu mmodzi amene dzina lake limamanga mbiri ziwirizi pamodzi. Pa 17 Okutobala 1961 apolisi a ku Paris anapha anthu ambirimbiri a ku Algeria amene ankachita zionetsero zamtendere, ena n'kuwaponya mumtsinje wa Seine. Mkulu wa apolisiwo anali Maurice Papon. Mu 1998 khoti linamupeza Papon yemweyo wolakwa chifukwa chothandiza kutumiza Ayuda a ku Bordeaux ku imfa pa nthawi ya Vichy, pamene Ayuda pafupifupi 75,000 anachotsedwa m'dziko la France ndipo obwerako anali owerengeka.

Kwa zaka makumi angapo anansiwa anakhalira limodzi ku Belleville mumzinda wa Paris, ku Sarcelles, ku Créteil, ku Marseille. Ndewu zinkachitika. Ya mu Juni 1968 ku Belleville inayambira pa masewera a makadi pakati pa Myuda ndi Msilamu, onse a ku Tunisia, masitolo anaphwanyidwa, mpaka kazembe wa Tunisia ndi atsogoleri a chipembedzo cha Chiyuda anachita kubwera kudzaziziritsa mitima. Koma mabomba ndi mfuti za m'ma 1980, pa sunagoge wa mu msewu wa Copernic mu 1980 ndi pa lesitilanti ya mu msewu wa Rosiers mu 1982, zinachokera ku magulu a zigawenga a ku Middle East, osati kwa ana a m'dera. Manda a Ayuda a ku Carpentras mu 1990 anawafukula ndi achinyamata achizungu otsatira maganizo a Hitler. Ndipo bungwe lolimbana ndi tsankho la SOS Racisme litayamba mu 1984, ophunzira achiyuda ndi ana a obwera ochokera kumpoto kwa Africa ankaguba mumsewu umodzi polimbana ndi chipani chodana ndi obwera cha Front National cha Jean-Marie Le Pen.

Kuchokera mu 2000

Zinthu zinatembenuka kumapeto kwa Seputembala 2000, kuwukira kwachiwiri kwa Apalestina polimbana ndi Israel kutayamba. Pa 30 Seputembala wailesi ya kanema ya France 2 inaonetsa mwana wa ku Gaza, Muhammad al-Durrah, atabisala kumbuyo kwa bambo ake zipolopolo zikuvumba. M'masabata otsatira masunagoge anatenthedwa ndi kugendedwa m'madera ozungulira Paris, ana ovala kachipewa kachiyuda ka kippa ankamenyedwa pochokera kusukulu. Ambiri mwa ogwidwa anali anyamata a m'midadada momwemo. Boma la nthawiyo linazengereza kulitchula vutoli dzina lake, likumati ndi uchigawenga wamba wa achinyamata, ndipo Ayuda ambiri sanaiwale kuzengereza kumeneko.

Kenako kunabwera imfa. Mu Januwale 2006 Ilan Halimi, mnyamata wazaka 23 wogulitsa mafoni, wa m'banja lochokera ku Morocco, anakopedwa ndi mtsikana amene anatumidwa, n'kugwidwa ndi gulu la Youssouf Fofana. Anamusunga masiku 24 mumdadada wina ku Bagneux akumuzunza, akufuna dipo la mayuro 450,000. Banja lake silinali lolemera. Fofana ankakhulupirira kuti Myuda aliyense ali ndi ndalama, ndipo ngati alibe, Ayuda anzake amusonkhera. Anamupeza pa 13 Febuluwale m'mbali mwa njanji atapsa pafupifupi thupi lonse, ndipo anamwalira popita naye kuchipatala. Oimbidwa mlanduwu anali 27, a mitundu ndi zipembedzo zosiyanasiyana, ndipo panali anthu ambiri amene ankadziwa koma sanaulule.

Pa 19 Malichi 2012 Mohammed Merah anafika pa njinga yamoto pa sukulu ya Chiyuda ya Ozar Hatorah ku Toulouse. Anapha mphunzitsi, Jonathan Sandler, ana ake awiri aang'ono, Arié ndi Gabriel, ndi kamtsikana Myriam Monsonego, amene anachita kumuthamangitsa pabwalo la sukulu. Masiku angapo m'mbuyomo anali atapha asilikali atatu a France, awiri mwa iwo Asilamu. Iye anati akubwezera ana a ku Palestine, ndipo nduna yaikulu ya Apalestina pa nthawiyo, Salam Fayyad, inayankha kuti zigawenga zileke kugwiritsa ntchito ana a Palestine ngati chifukwa chophera anthu. Mu Meyi 2014 Mehdi Nemmouche, wobadwira ku Roubaix ndipo atangobwera kumene ku nkhondo ya ku Syria, anapha anthu anayi ku nyumba yosungirako mbiri ya Ayuda ku Brussels. Mu Julayi chaka chomwecho, nkhondo ili m'kati ku Gaza, zionetsero za ku Sarcelles zinatha ndi kutentha masitolo a Ayuda.

Milandu iwiri ya amayi okalamba inapweteka mwa njira ina, chifukwa opha anali anthu a pakhomo. Mu Epulo 2017 Sarah Halimi, dokotala wopuma pantchito wazaka 65, anamenyedwa m'nyumba mwake ku Belleville ndi mnansi wake Kobili Traoré, amene ankafuula mawu achipembedzo, kenako anamuponya kuchokera pa nyumba yosanja. Makhoti anavomereza kuti chidani cha pa Ayuda chinalipo, koma anagamula kuti Traoré sangazengedwe mlandu chifukwa mutu unali utasokonekera pa nthawiyo, atasuta chamba chambiri. Khoti lalikulu litatsimikiza chigamulochi mu Epulo 2021, anthu zikwizikwi anachita zionetsero, ndipo mu 2022 lamulolo linasinthidwa. Mu Malichi 2018 Mireille Knoll, wazaka 85, amene ali mwana anapulumuka pamene apolisi a ku Paris anasonkhanitsa Ayuda oposa 13,000 mu Julayi 1942, anabayidwa ka 11 m'nyumba mwake. Womupha, Yacine Mihoub, anali mwana wa mnansi, ndipo mayiyo anamudziwa kuyambira ali wamng'ono.

Fofana, Merah, Nemmouche ndi Coulibaly onse anabadwira ku France. Makolo kapena agogo awo, amene anabweradi kuchokera kunja, sanaphe Myuda aliyense. Izi sizikutanthauza kuti obwera kumene sakhudzidwa: amene anatentha sunagoge wa ku Rouen mu Meyi 2024 ndi amene anaukira wa ku La Grande-Motte mu Ogasiti chaka chomwecho anali nzika za Algeria. Koma gawo lalikulu la vutoli linakulira m'sukulu, m'midadada ndi m'ndende za dziko la France lenilenilo. Coulibaly anakumana ndi Chérif Kouachi komanso mphunzitsi wawo wa zauchigawenga, Djamel Beghal, m'ndende ya Fleury-Mérogis.

Chidanichi chimachokera kuti?

Apa ndi pamene akatswiri a ku France amakanganirana koopsa. Ena, monga Pierre-André Taguieff, amati kwabadwa chidani chatsopano chimene gwero lake ndi Chisilamu chandale ndi kudana ndi Israel. Ena, monga Nonna Mayer amene amagwira ntchito ndi bungwe la boma loona za ufulu wa anthu la CNCDH, amati mafunso akafunsidwa bwino, chimene chimatuluka ndi mabodza akale omwe aja a ku Ulaya, akuti Ayuda ali ndi ndalama ndi mphamvu zobisika, ndipo mabodzawa ali ponseponse, makamaka kwa otsatira zipani zodana ndi obwera.

Boma silisunga chipembedzo cha opalamula, choncho zimene zilipo ndi kafukufuku. Mu 2014 bungwe la Fondapol linafunsa ngati Ayuda ali ndi mphamvu zochuluka pa zachuma. Mwa Afalansa onse anavomera ndi mmodzi pa anayi alionse, mwa otsatira Front National theka, mwa Asilamu amene anafunsidwa awiri pa atatu alionse. Njira imene anasankhira Asilamu ofunsidwawo inatsutsidwa, koma kafukufuku wa m'zaka zotsatira anaonetsanso kusiyana kwa mtundu womwewo. Mu 2018 bungwe la European Union loona za ufulu wa anthu linafunsa Ayuda a m'maiko 12 za amene anawachitira chipongwe choipitsitsa: 31 pa 100 alionse anati munthu wosamudziwa, 30 anati munthu wa maganizo achisilamu onyanyira, 21 anati wa ndale za kumanzere (zotsamira ku sosholizimu), 13 wa ndale za kumanja (zotsamira ku chikale ndi kukweza mtundu wawo). Ziwerengerozi sizikunena kuti Asilamu ambiri ndi achiwawa. Ochita zachiwawa ndi kagulu kochepa zedi pakati pa anthu mamiliyoni. Zikunena kuti maganizo oipa okhudza Ayuda ndi ofala pakati pa Asilamu a ku France kuposa pakati pa anthu ena, ndipo kubisa zimenezi sikuthandiza aliyense.

Nkhondo ya Israel ndi Apalestina ili m'kati mwa nkhaniyi ndithu, poti milandu imakwera nkhondo ikabuka: 2000, 2002, 2009, 2014, 2023. Mnyamata wa ku Seine-Saint-Denis, dera la midadada kunja kwa Paris, amene apolisi amamusecha kawirikawiri amadziona mwa mnyamata wa ku Gaza. Ayuda ambiri a ku France nawo ali ndi abale ku Israel ndipo amalikonda dzikolo poyera. Koma nkhondoyo sikwanira kufotokoza zonse. Mu 2012 milandu inakwera Merah atangopha ana, ngati kuti ena analimbikitsidwa. Mu 2023 inayamba kukwera m'masiku oyambirira enieni, pamene nkhani inali ya anthu pafupifupi 1,200 ophedwa ku Israel. Ndipo Ilan Halimi sanafere Palestine, anafera bodza la ndalama. Kudzudzula boma la Israel chifukwa cha anthu masauzande ambirimbiri ophedwa ku Gaza ndi ndale, ndipo Ayuda ena a ku France amatero. Kumenya rabi pamaso pa mwana wake mumsewu wa ku Orléans, monga zinachitikira mu Malichi 2025, ndi chinthu china. Ife amene Ayuda timawadziwira m'Baibulo timagwa msanga m'chisokonezo chomwechi, ngakhale mwa chikondi: Myuda, Mwisraeli wa m'Chipangano Chakale ndi boma la Netanyahu timaziika m'thumba limodzi.

Umphawi ndi tsankho nazo n'zoona. Pa kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2010, akatswiri anatumiza makalata ofunsira ntchito ofanana, ina ya Marie Diouf, ina ya Khadija Diouf, maina onse a ku Senegal. Khadija ankaitanidwa mocheperapo kawiri ndi theka poyerekeza ndi Marie. Komabe ine ndimaona kuti tsankho limafotokoza chifukwa chake munthu ali ndi mkwiyo, silifotokoza chifukwa chake mkwiyowo ukugwera sukulu ya ana achiyuda. Njira ya mkwiyo amailoza ndi maganizo, ndipo maganizowo ali ndi magwero odziwika. Ena ndi a m'nyumba: Abdelghani Merah, mkulu wake wa Mohammed, ananena poyera kuti iwo analeredwa m'banja lonyoza Ayuda. Ena ndi a alaliki onyanyira amene amatenga nkhani za nkhondo za Mtumiki Muhammad ndi mafuko achiyuda a ku Medina n'kuzisandutsa lamulo la masiku onse, kusiya mavesi olemekeza anthu a Buku. Ena ndi katundu wa ku Ulaya amene anapita ku maiko a Aarabu n'kubwerera: chikalata chabodza cha Protocols of the Elders of Zion chinapekedwa ku Russia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, chinamasuliridwa m'Chiarabu, ndipo chimatchulidwa m'chikalata choyambitsira Hamas cha 1988. Mu 2004 dziko la France linatseka kanema wa Al-Manar wa gulu la Hezbollah la ku Lebanon chifukwa cha mapulogalamu otere. Ndipo amene anafalitsa kwambiri nthabwala zonyoza Ayuda pakati pa achinyamata a m'midadada, wanthabwala Dieudonné ndi mnzake Alain Soral, si Asilamu n'komwe.

Pali dandaulo limodzi limene limamveka kawirikawiri, lakuti boma limayeza ndi miyeso iwiri. Charlie Hebdo ikajambula Mtumiki akuti ndi ufulu, Dieudonné akanyoza Ayuda zisudzo zake zimaletsedwa, monga zinachitikira mu Januwale 2014. Pa lamulo kusiyanaku kuli ndi maziko: ku France kunyoza chipembedzo si mlandu, koma kudzutsa chidani pa anthu chifukwa cha mtundu kapena chipembedzo chawo ndi mlandu, ndipo lamulo la Gayssot la 1990 limaletsa kukana kuti chipululutso cha Ayuda cha m'nthawi ya Hitler chinachitika. Koma dandaulolo limamera pa nthaka yeniyeni. Pulezidenti Chirac anavomereza mlandu wa dziko pa Ayuda mu 1995. Nkhondo ya ku Algeria boma linavomera kuitchula nkhondo mu 1999, ndipo kuphedwa kwa pa 17 Okutobala 1961 kunadikira mpaka 2012 kuti pulezidenti akutchule. Bungwe loimira Ayuda la CRIF limachita phwando chaka ndi chaka kumene atsogoleri a dziko amapita, pamene bungwe loimira Asilamu, limene Nicolas Sarkozy analikhazikitsa mu 2003 ali nduna ya za m'dziko, linathera m'mikangano ya otsatira Algeria, Morocco ndi Turkey. Mlandu wa zonsezi ndi wa boma, koma olipira ndi Ayuda. Ndipo boma likaika asilikali pa geti la sukulu ya Chiyuda, monga linachitira mu 2015 potulutsa asilikali 10,000, wodutsa panjira amaonapo umboni wina wakuti awa ndi okondedwa, osaganiza kuti palibe kholo lofuna kuti mwana wake aphunzire kumbuyo kwa mfuti.

Mabanja ayankha ndi miyendo. Mu 2014 Ayuda oposa 7,000 anasamukira ku Israel, mu 2015 pafupifupi 8,000, ngakhale kuti ena anabwerera. Ochuluka anasamuka m'dziko momwemo, kuchoka m'matauni a ku Seine-Saint-Denis monga Aulnay-sous-Bois ndi La Courneuve kupita kumadzulo kwa Paris kapena kukaunjikana ku Sarcelles ndi Créteil. Ana ambiri anachotsedwa m'sukulu za boma n'kupita ku sukulu za Chiyuda, ena mpaka za Akatolika. Mapeto ake m'madera ambiri mukukula mbadwo wa ana achisilamu amene sanakhalepo pa desiki imodzi ndi Myuda, ndipo zonse zimene amadziwa za iye amazitenga pa foni. Alipo amene akulimbana ndi zimenezi. Rabi Michel Serfaty wa ku Ris-Orangis anayambitsa bungwe la ubale wa Ayuda ndi Asilamu mu 2004 ndipo kwa zaka zambiri ankayendera midadada pa basi. Latifa Ibn Ziaten, mayi wa msilikali woyamba kuphedwa ndi Merah, amayenda m'sukulu ndi m'ndende atavala mpango wake, kulankhula ndi anyamata amene ena mwa iwo amamutcha Merah ngwazi.

Andale apeza pokolola. Pa 12 Novembala 2023 anthu oposa 100,000 anaguba mu Paris kudzudzula chidani cha pa Ayuda. Marine Le Pen analipo, mwana wa Jean-Marie Le Pen uja, amene mu 1987 ananena kuti zipinda zophera Ayuda ndi mpweya wapoizoni ndi kanthu kakang'ono m'mbiri ya nkhondo. Chipani chake tsopano chimadzitcha chishango cha Ayuda, ndipo n'zosachita kufunsa kuti chishangocho chikuloza ndani. Jean-Luc Mélenchon wa kumanzere, amene amapeza mavoti ambiri m'midadada, anakana kupita, ndipo mu 2024 analemba kuti chidani cha pa Ayuda ku France ndi chotsalira chabe. Aliyense wasankha ovutika ake. Asilamu nawo akuphedwa chifukwa cha chipembedzo chawo: pa 25 Epulo 2025 Aboubakar Cissé, mnyamata wa ku Mali, anabayidwa mpaka kufa mumzikiti wa ku La Grand-Combe, womupha akujambula pa foni ndi kunyoza Mulungu wake.

Kuyambira mu 2023 pawonekeranso dzanja lina. Kumapeto kwa Okutobala 2023 anthu a ku Paris anadzuka n'kupeza nyenyezi za Davide zabuluu zitadindidwa pa makoma a nyumba, ndipo ambiri anafulumira kuloza zala ku midadada. Ogwidwa anali mwamuna ndi mkazi a ku Moldova, ndipo boma la France linadzudzula gulu la mabodza a pa intaneti la ku Russia chifukwa chofalitsa zithunzizo. Mu Meyi 2024 zikhatho zofiira zinapakidwa pa khoma la chikumbutso cha chipululutso cha Ayuda ku Paris, ndipo amene khoti linawapeza olakwa mu Okutobala 2025 anali amuna anayi a ku Bulgaria. Mu Seputembala 2025 mitu ya nkhumba inapezeka pa makomo a mizikiti isanu ndi inayi ya ku Paris ndi madera ozungulira. Kumapeto kwa mwezi womwewo apolisi a ku Serbia anamanga anthu 11 powaganizira kuti anatumidwa ndi akazitape a dziko lina kukaika mituyo, ndiponso kuti ndi omwewo amene miyezi ingapo m'mbuyomo anathira penti yobiriwira pa masunagoge a ku Paris.